Anazinga Ndani?

Lachitatu, 3 Julayi

Anesi a Monika andipatsa kope ili ndi cholembera. Akuti ndizilembamo mankhwala amene ndamwa, popeza ndimawafunsa kawirikawiri. Ndilemba mosamala. Sukulu ndinalekeza sitandade 7, koma aphunzitsi ankayamikira dzanja langa.

Ndine Kristina, zaka 22, kwathu ndi kufupi ndi Malomo. Lolemba galimoto ya matola imene tinakwera pochokera ku msika inagubuduka potsetsereka. Ndathyoka fupa la ntchafu ya kumanzere. Mwendo aukulunga n'kuumangirira chingwe, ndipo kumapeto kwa chingwecho kukulendewera thumba la mchenga. Adokotala akuti ndi la makilogalamu asanu. Sindingatembenuke. Ndimaona denga, theka la zenera, wotchi ya pakhoma ndi mabedi awiri oyandikana nane.

Kumanja kuli mayi Hajara a ku Madisi. Ali ndi shuga ndi chilonda cha kuphazi. Kumanzere kuli Rakele. Tinali m'galimoto imodzi, nayenso wathyoka ntchafu. Ndi wa mpingo wathu, tinaphunzira kalasi limodzi, tinabatizidwa tsiku limodzi. M'wodi muno muli mabedi makumi awiri, koma andigoneka pafupi ndi iyeyo.

Mankhwala: panado awiri katatu, jekeseni wa ululu kamodzi.

Lachinayi, 4 Julayi

Anditenga magazi pa mkono. Apeza 7.1. Ndinapempha anesi alembe okha pa kapepala kuti ndisalakwitse pokopera. A Rakele ndi 7.6.

Adokotala anaima pakati pa mabedi athu n'kulankhula kamodzi kwa tonse awiri. Akuti thumba la mchenga n'longodikirira. Chofunika ndi opareshoni, aike chitsulo m'kati mwa fupa. Koma wa magazi ochepa chonchi salowa ku fiyeta popanda mapainti awiri a magazi omudikira. M'firiji ya chipatala magazi ndi ochepa, ndiye abale ayambe apereka.

Amayi anapita kukayezetsa. Anawakweza pa sikelo, 44. Awabweza, akuti wosakwana 50 sapereka. Anabwera akuseka. “Akuti ndine mankhusu, mphepo ikhoza kundiuluza.” Ine sindinaseke. Bambo anamwalira kale. Amalume akuti singano ayi.

Lachisanu, 5 Julayi

Abwera amayi a chigwirizano a kwathu, asanu ndi anayi, atavala zoyera zawo. Ndinamva nyimbo akadali pakhonde, ndinakonza duku msangamsanga.

Anayambira kwa Rakele. Shuga, mazira, mpunga, sopo, ndi mtolo wa nkhuni wa apongozi ake amene akumudikirira. Anakhalapo mphindi makumi anayi. Kwa ine mphindi zisanu. Anandipatsa sopo mmodzi, anandipempherera, anati, “Limba mtima, mwana wa aNambewe.” Chikhalirecho dzina langa akulidziwa.

Sindikuwada. Rakele ndi mnzawo, anavala naye zoyera chaka chatha. Ine ndinadulidwa ku mgonero nditatenga pakati pa Thoko popanda ukwati. Dzina langa anawerenga a Obadiya, mkulu wa mpingo, anthu onse akumva. Benjamini, bambo wa mwanayo, ali ku mafodya ku Kasungu ndipo anakwatira komweko. Izi ndalemba kamodzi, sindibwerezanso.

Dzuwa litapendeka wabwera Festus, mwamuna wa Rakele, ndi anzake awiri a kwaya, kudzapereka magazi. Mmodzi amubweza chifukwa cha malungo. Awiri apereka. Za Rakele zakwana. Wachitatuyo anabwera kudzaperekera ndani? Sindinafunse.

Loweruka, 6 Julayi

Ululu wambiri. Msana wayamba kutentha. Andiwonjezera mapiritsi ofiira a magazi, limodzi katatu.

Mayi Hajara anandiyang'ana nthawi yaitali. “Iwe wa kope, ukulemba ife eti?”

“Ayi mayi, mankhwala okha.”

“Bodza. Ukalemba za ine unene kuti ndinali chiphadzuwa shuga asanandidye. Ukafunse a Sabiti.”

A Sabiti ndi amuna awo, ali ndi golosale pa Madisi. Amabwera masana aliwonse pa njinga. Anangoti, “Kudya kokha ndiye unali katswiri,” akusenda lalanje. Ndinabisa nkhope m'chitenje kuti asaone kuti ndikuseka.

Lamulungu, 7 Julayi

Masana abwera a Obadiya pa njinga yamoto kudzachita mapemphero pa bedi la Rakele. Mawu awo ndi aakulu, wodi yonse inamva.

Anakamba za akhristu oyambirira. Akuti analibe tchalitchi cha malata, analibe belu. Ankakumana m'nyumba za anzawo tsiku ndi tsiku, kuimba, kupemphera, kunyema buledi n'kudyera pamodzi. Wokhala ndi munda ankaugulitsa kuti wosowa apeze chakudya. Akuti pakati pawo panalibe wonena kuti ichi n'changa ndekha.

Atangoti ameni, Rakele anati, “Bwanji ifenso pa mzere uno tichite chomwecho? Mbale zonse za ndiwo tiziika m'beseni limodzi, lizizungulira mabedi onse asanu ndi limodzi.”

Mayi Hajara anadzutsa mutu. “Abambo, akhristu oyambawo ife a ku mzikiti ankatiitana?”

“Nthawi imeneyo munali musanabwere, mayi.”

“Ndiye tabweratu.”

Anthu anaseka. Kenako mayi Hajara anaika lamulo lawo. “Ndilowa nawo. Koma nyama yolowa m'besenimo azizinga a Sabiti kapena Msilamu wina, atchulepo dzina la Mulungu. Yopha chiphereipha sindidya. Nkhumba ikalowamo ndituluka ndi phazi lomweli.”

Onse anavomera. A Obadiya analoza Rakele n'kunena kuti mwana uyu ali ndi mtima wa atumwi.

Kugawa n'kosavuta kabati ikadzaza. Yanga muli sopo mmodzi, kapu ndi kope ili. Ulaliki womwewo ndinaumva nanenso, ndipo maganizo a beseni anandifikira iye asanalankhule. Koma ine pakamwa sipatseguka pa anthu.

Lolemba, 8 Julayi

Beseni layamba. Munali mpunga ndi mazira a Rakele, nyemba za mayi Hajara, usipa wa agogo a pa bedi la kukhomo, mpiru, ndi mbatata zinayi zophika. Mbatatazo ndi zathu.

Festus anabweretsa tambala wamoyo. A Sabiti anakamuzinga kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala. Ine andigawira phiko. Linakoma, ndipo zinandiwawa kuti lakoma.

Mbatata imodzi inabwerera osakhudzidwa.

Lachiwiri, 9 Julayi

Rakele amutenga 9:10 m'mawa, abwera naye 1:35 masana. Amayi atatu a chigwirizano anamudikira pakhonde akuimba chapansipansi. Festus anayenda m'khondemo uku ndi uku mpaka anesi anamukalipira.

Ndinamupempherera. Ndikunena zoona. Koma pakati pa pemphero ndinayamba kuganiza kuti tsiku langa pakhondepo padzakhala amayi okha ndi chitenje chawo chakale chija.

Panado awiri katatu. Ofiira limodzi katatu.

Lachinayi, 11 Julayi

Rakele alibenso thumba la mchenga. Lero amukhazika tsonga, mawa akuti ayamba ndodo. Tsopano pa mzere wonse chingwe chili pa ine ndekha.

Anthu ayamba kunena kuti “beseni la Rakele”. A mizere ina amabwera kudzaona. Mayi wina anati akapita kwawo akayambitsa zomwezi ku mpingo wawo. Rakele amangomwetulira n'kumati, “Si ine, ndi Ambuye.” Ngakhale kukana kwakeko kumamukhala.

Lero zathu zinali chigwada chopanda nsinjiro. Amayi amapita nacho ku beseni ataweramitsa mutu. Mawa apita kumudzi kukaona Thoko, amene ali kwa azakhali, abwera Loweruka.

Loweruka, 13 Julayi

Ndilemba zonse monga zinachitikira.

Amayi afika 11:30 ndi kapoto komanga m'nsalu. Munali nkhuku, thadzi lathu lofiira lija. Anapha amalume dzulo madzulo, amayi n'kuphikiratu kumudzi popeza kuno nkhuni zatithera. Anandinong'oneza, “Iyi ndi yako wekha, magazi akwere. Usaike m'beseni. Wamva?” Ndinavomera. Iwo anapita kukachapa.

Beseni linafika amayi kulibe. Munali nyemba ndi kabichi basi, za Rakele zayamba kuchepa. Ndinayang'ana kapoto kanga. Ndinaganiza kuti lero lokha anene za ine. Ndinapempha apongozi a Rakele kuti akaike m'besenimo.

Atavundukula, fungo linadzaza mzere wonse. Agogo a kukhomo anaombera m'manja. “Wa kope watikumbuka!” Aliyense anandiyang'ana. Nkhope inanditentha koma ndinakondwa.

Pomwepo Rakele anafunsa, onse akumva, “Kristina, anazinga ndani?”

Ndinamva ngati akundilanda. Iye masiku onse, ine tsiku limodzi lokha, ndipo lomwelo akufuna alichotse. Ndikanati amalume, nkhukuyo ikanatuluka m'beseni onse akuona. Ndinayankha, “Msilamu wogulitsa nyama uja wa pa Malomo.”

Rakele anandiyang'ana.

Mayi Hajara anatchula dzina la Mulungu n'kutenga ntchafu. Anadya mpaka kuphwanya fupa. “Iyi ndiye nkhuku, osati zoyera za m'khola zija zokoma ngati thonje. Mwanawe, Mulungu akubwezere.”

Amayi anabwera n'kupeza kapoto kali mbee. Mayi Hajara anawathokoza kuti anavutika kukafuna wozinga. Amayi anandiyang'ana kamodzi kokha, anati, “Zikomo,” anatenga kapoto n'kutuluka. Mpaka pano sanandilankhule.

Ine ndinadya khosi.

Lamulungu, 14 Julayi

A Obadiya abweranso. Anati lero apitiriza pamene analekeza, popeza nkhani ya akhristu oyambirira ili ndi mbali ina yosakoma. Pakati pawo panali bambo wina ndi mkazi wake amene anagulitsa munda, n'kubweretsa gawo lina, n'kunena kuti ndi zonse. Akuti palibe anawakakamiza kupereka. Chimene chinawapha si kumana ayi, koma kunama pa zimene abweretsa pakati pa abale, kuti atamandidwe. Anagwa pomwepo, woyamba mwamuna, kenako mkazi.

Agogo a kukhomo anati, “Mayo ine!” Mayi Hajara anati, “Ameneyo ndiye Mulungu amene ndimamudziwa.”

Ine ndinayamba kunjenjemera. Anesi anayeza thupi, 38.4. Anayeza malungo, mulibe. Akuti mwina ndi chilonda cha kumsana. Ndinafunda bulangete mpaka kumutu, ndikudikira. Sindinafe.

Potuluka a Obadiya anaima pa bedi langa. “Ndamva za nkhuku, Kristina. Wachita bwino.” Kuchokera tsiku lija la ku tchalitchi, aka n'koyamba kutchula dzina langa. Ndinkafuna mawu amenewa kwa chaka ndi theka.

Lolemba, 15 Julayi

Andijambula mwendo. Adokotala anakweza chithunzi pa zenera n'kundionetsa. Mafupa sanalunjikane, lina lakwera pa linzake. Akuti likayamba kugwirana chonchi mwendo udzafupika, ndidzatsimphina moyo wonse. Tsiku lomaliza labwino ndi Lachiwiri la sabata ya mawa, pa 23. Kupitirira apo ntchito yake ndi yaikulu, ya ku Lilongwe.

Magazi 7.4. Mapainti awiri akufunikabe. Ndilibe ndi limodzi lomwe.

Munda wathu uli paphiri. Madzi timatunga kutsidya kwa dambo.

Rakele wayenda ndi ndodo mpaka pa bedi la agogo. Mapazi khumi ndi awiri. Anamuombera m'manja.

Lachiwiri, 16 Julayi

Masana mayi Hajara anakodola amuna awo, ananong'onezana, kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe wa kope, lemba izi. Lachisanu akachoka ku mzikiti, a Sabiti ndi mng'ono wawo Mubarak adzapereka magazi ako.”

Amayi anagwada pansi n'kuyamba kuomba m'manja.

“Dzukani aNambewe, simenti ikuzizira. Mwana amene ali ndi nkhuku imodzi yokha n'kundidyetsa, mpaka kukaifunira wozinga chifukwa cha ine, ameneyo ndi mwana wanga.”

A Sabiti anati, “Magazi ndili nawo ambiri, mayi awa amangowawiritsa tsiku ndi tsiku. Bola apite kwa wina.”

Onse anaseka. Amayi anadzuka osandiyang'ana. Pokonza bulangete langa anandiuza chapansipansi, “Mwendo ndi wako, pakamwa ndi pako. Ine sindinenapo.”

Beseni linabwera, sindinadye.

Lachitatu, 17 Julayi

Mayi Hajara anawatenga pa njinga ya odwala kukatsuka chilonda. Rakele anatsika ndi ndodo n'kukhala m'mphepete mwa bedi langa, osapempha.

“Wogulitsa nyama wa pa Malomo uja anasamukira ku Mponela chaka chatha,” anatero.

Ndinatseka kope. Iye anapitiriza.

“Sindinauze munthu. Sindiuzanso.”

“Ndiye ukufuna ndikuthokoze? Unafunsiranji pa anthu?”

“Ndimafunsa tsiku lililonse nyama ikalowa. Ngakhale ya Festus ndinafunsa.”

N'zoona, amafunsa. Zinandipsetsa mtima kwambiri chifukwa n'zoona. Ndinalankhula zimene sindinalankhulepo chibadwire. Ndinati iwe uli ndi zonse, ukwati wa m'tchalitchi, zoyera, mgonero, mwamuna woyendayenda pakhonde, magazi, chitsulo, ndodo, ngakhale beseni ndi lako. Ine kankhuku kamodzi komweko sunathe kungokhala chete?

Rakele anayang'ana pansi, anati, “Amayi aja akakhala pano mphindi zonse zija ukuganiza amakamba chiyani? Zaka zitatu pa banja. Aliyense ali ndi dzina la mankhwala oti ndimwe. Apongozi amandiyang'ana pamimba, osati pamwendo.” Anatenga ndodo zake. “Iwe uli ndi Thoko.”

Anabwerera pa bedi lake. Sindinkadziwa kuti angafune kanthu kanga. Koma nsanje sinathe, ingosowa pokhala.

Ndikakhala chete mpaka Lachisanu, mwendo wanga uwongoka. Ndawerenga masiku, ndi awiri okha.

Lachinayi, 18 Julayi

M'mawa mayi Hajara anaswali ali pa bedi monga amachitira, atatembenukira ku zenera. Atamaliza anandiuza kuti anditchula m'pemphero. Kenako anandiponyera lalanje.

Ndinaligwira lalanjelo mpaka 10 koloko. Ndinayesa kulemba mawu m'kope kuti ndingowapatsa awerenge, koma sawerenga bwino opanda magalasi. Ndiye ndinanena ndi pakamwa. Mawu anatuluka aang'ono.

“Mayi, nkhuku ija sanazinge Msilamu. Anapha amalume.”

“Ukuti chiyani? Kweza mawu.”

Ndinabwereza. Ulendo uno mzere wonse unamva.

“Amalume ako amapemphera kuti?”

“Sapemphera.”

“Anali ataledzera?”

“Sindikudziwa, mayi. Mwina.”

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Mayi Hajara sanaseke. Ndinkayembekeza kuti akalipa, wodi yonse imawadziwa pakamwa. Sanakalipe. Anati, “Zaka makumi asanu ndi zitatu. Ngakhale chaka cha njala chija sindinadye chosazinga.” Anaitana mwana wawo Nuria, amene amawadikirira. “Chotsa mbale yanga m'beseni. Uitsuke bwinobwino.” Anatembenukira kukhoma.

A Sabiti anabwera masana, anakamba ndi akazi awo motsitsa mawu, anatuluka osandipatsa moni.

Beseni linazungulira mabedi asanu. Agogo a kukhomo anati, “Mwanawe, ukanadikira Loweruka.” Amayi anandisenda lalanje lija n'kumandipatsa kamodzikamodzi ngati mwana.

Lachisanu, 19 Julayi

Ndayang'ana chitseko kuyambira 1 koloko mpaka 5. A Sabiti ndi Mubarak sanabwere.

Panado awiri katatu. Ofiira limodzi katatu. Atsuka chilonda cha kumsana.

Loweruka, 20 Julayi

A Sabiti alowa 11:15 atapinda mkono, pa chigongono pali thonje. Anaima kumiyendo kwa bedi langa, pafupi ndi thumba la mchenga.

“Dzulo ndinafunsa a shehe,” anatero. “Akuti wodya osadziwa alibe mlandu. Mlandu ndi wa wonamayo.”

“Inde, bambo.”

“Ndinafunsanso ngati wonamayo ayenera kutsimphina. Akuti zimenezo sanaziwerengepo.”

Ndinalira. Iwo anayang'ana kudenga mpaka nditamaliza.

“Koma Mubarak wakana. Akuti magazi ake sapita kwa wodyetsa mlamu wake haramu. Sindingamukoke ndi chingwe. Ndiye painti ndi limodzi.”

Mayi Hajara sanatembenuke. Anangoti, “A Sabiti, khalani pansi musanagwe, mundichititse manyazi.”

Limodzi. Latsala limodzi, masiku atsala atatu.

Lamulungu, 21 Julayi

A Obadiya anafika atamva kale, apongozi a Rakele sasunga nkhani. Sanandiyang'ane. Analalikira zoti akhristu oyambirira ankasamala amasiye, mpaka anasankha anthu apadera oyang'anira kagawidwe ka chakudya kuti wina asadumphidwe.

Asanatseke ndi pemphero, mayi Hajara anadzuka tsonga. Ine sanandilankhule kuyambira Lachinayi.

“Abambo, ndifunse nawo. Masabata atatu mwatiuza kuti kalelo panalibe wonena kuti ichi n'changa. Nanga magazi ali m'thupi mwanumo ndi a ndani?”

A Obadiya anatsokomola. “Mayi, nkhani yake ndi ya minda ndi chakudya.”

“Amuna anga apereka dzulo, a ku mzikiti. Mwana wabodzayu ndi wa kwanu. Munamudula ku mkate, chabwino, ndi malamulo anu. Kodi munamudulanso ku magazi?”

Rakele anati, “A Obadiya, a ku labu alipo lero. Festus akuperekezani.”

“Ine ndi singano sitimvana,” anatero a Obadiya, mawu aakulu aja atachepa.

“Nanenso ndi nkhuku ya woledzera sitimvana, koma ndinadya,” anatero mayi Hajara.

Anapita. Patapita ola Festus anabwera yekha akudzigwira kuseka. Akuti apereka, koma atangoona thumba likudzaza anakomoka, moti awagoneka pa benchi miyendo m'mwamba, akuwamwetsa zotsekemera. Mayi Hajara anaseka mpaka anesi anabwera kudzaona.

Ndinati, “Zikomo, mayi.”

“Sindikulankhula nawe,” anatero.

Lolemba, 22 Julayi

Mapainti awiri akwana. Ndasaina ndekha, dzina lonse. Akuti kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa. Mawa ndine woyamba.

Ndikuopa.

Lachitatu, 24 Julayi

Zatheka. Thumba la mchenga palibe.

Amayi akuti pakhonde anali atatu: iwo, Nuria, ndi Rakele pa ndodo zake.

Lachisanu, 26 Julayi

Jekeseni kawiri pa tsiku, diripi achotsa. Magazi 9.2. Adokotala akuti chitsulo chakhala bwino, miyendo ikufanana. Ndinawapempha ayezenso ndi tepi ine ndikuona. Ikufanana.

Ndinafunsa anesi a Monika kuti painti loyamba limene anandiika linali la a Sabiti kapena la a Obadiya. Ndimafuna ndilembe molondola. Anaseka. Akuti mwina si la aliyense wa iwo. Opereka amangobwezera m'firiji, magazi amayezedwa kaye, ndipo wodwala amalandira ogwirizana ndi ake. Pa thumba palibe dzina, pali nambala basi. Akuti amene anapereka a Obadiya mwina apita kwa mayi wina wobereka, ndipo ali mwa inewa akhoza kukhala a munthu wa ku Bowe amene sindidzamuona.

Ndinafunsa ngati akhoza kukhala a Festus. Akuti zikhoza kutheka.

Ndinamuuza Rakele. Anati, “Ndiye undibwezere, ndi a banja langa.” Tinaseka mpaka ulusi wa pa chilonda unandikoka.

Mbale ya mayi Hajara sinabwererebe m'beseni.

Lamulungu, 28 Julayi

Amayi anapita kumudzi dzulo, abwera lero ndi Thoko kumsana ndi tambala m'khwapa. Tambalayo ndi wa azakhali, wamoyo, womanga miyendo ndi luzi. Thoko anayamba wandikana, kenako anandigwira mphuno. Rakele anapempha kumunyamula. Ndinazengereza pang'ono, ndinamupatsa. Anakhala naye mphindi makumi awiri ndi zisanu.

Nkhuku salowa nazo m'wodi, ndiye amayi anaima nayo panja pa zenera la mayi Hajara. “Ikwezeni ndiione,” anatero mayi Hajara. “Itembenuzeni. Ilire kaye.” Amayi anaigwedeza, inalira. “Chabwino. A Sabiti, mpeni.”

A Obadiya anachita mapemphero aafupi, akadali ndi kapulasitala pa mkono ngakhale papita sabata. Potuluka anandiuza kuti kalasi la obwerera ku mgonero limakumana Lachitatu, ndikayamba kuyenda ndipite. Sanalonjeze kanthu. Kunena zoona, ndinaona kuti kwa Rakele anatsanzika ndi manja awiri, kwa ine limodzi.

Beseni linafika 1:20. Nuria anabwera ndi mbale ya mayi ake n'kuiika m'katimo, pakati pa nyemba za agogo ndi mpunga wa Rakele. Mayi Hajara anavundukula nkhuku, anainunkhiza, kenako anandiyang'ana, koyamba kuchokera Lachinayi lija. Anafunsa mokweza kuti ndi a mzere wina omwe amve.

“Iwe wa kope. Anazinga ndani?”

“A Sabiti, mayi.”

“Unawaona ndi maso ako?”

“Ayi, mayi. Ndinali pa bedi. Amayi ndiwo anaona.”

“Eya. Tsopano ukuyankha ngati munthu.” Anatenga ntchafu imodzi, inayo anaika m'mbale yanga. “Idya, ulowetse m'malo mwa yothyokayo.”

Rakele atuluka Lachiwiri. Lero wayenda mapazi makumi anayi ndi awiri, mpaka pakhonde. Ine asanu ndi limodzi, ndipo pobwerera ndi iye anandigwira mkono. Mawa ndiyesa khumi. Akewo ndiwerengabe.